Phaso Lowola la pa Khola la Njati

Hong Kong, 3 Juni 1999

Okondedwa Dai Tikaram, achimwene anga aakulu,

Ndagwada kupereka moni kwa Amayi, kwa inu ndi kwa mlamu wanga Menuka. Ine kuno ndili bwino, kungoti kukutentha. Mawondo a Amayi ali bwanji? Mvula yayamba? Nanga njati yathu ya mkaka ija yatenga bere?

Mukukumbukira kachidutswa ka nsungwi yowola kamene ndinabenthula kudenga la khola la njati nditabwera mu Epulo? Munandiseka kuti anzanga amabwerera ndi tiyi, ine ndikubwerera ndi zinyalala. Dai, pa kansungwi kaja pali chuku, timadontho takuda tochepa ngati nsonga ya singano. Nditatiika pa makina okulitsa zinthu ndinaona timbewu take, topindika ngati chikwakwa, tili ndi kamchira uku ndi uku. Aphunzitsi anga afufuza m'mabuku, afunsa anzawo a mayiko ena, palibe amene anachionapo. Ndi mtundu watsopano, ulibe ndi dzina lomwe.

Vuto ndi ili. Kuti chuku chatsopano chipatsidwe dzina, pamafunika chidutswa chokwanira choti chisungidwe ena azidzachiona, komanso chukucho chimere chamoyo m'mbale yagalasi. Kanga kaja katha ndi kudula, ndipo kanakana kumera. Malo anga pano akutha mu Disembala. Chikapanda kumera isanafike nthawiyo, zaka zanga zonse kuno zalowa m'madzi.

Chonde nditumizireni chidutswa china, chotalika ngati chikhatho, cha phaso lomwe lili pamwamba pa chodyeramo njati, mbali imene imadontha. Musatsuke. Mukulunge m'nyuzipepala, osati m'pulasitiki. Ndipo kholalo musaligwetse ndisanakuuzeni.

Ndine Kanchhi wanu, mlongo wanu wamng'ono,
Yamuna


Dhapgaun, Ilam, 25 Juni 1999

Kanchhi,

Moni. Tili moyo tonse. Amayi mawondo ndi omwe aja, mphamvu za pakamwa ndi zomwe zija. Njati ili ndi bere, iswa cha mu Novembala. Mvula ikugwa ngati kumwamba kwabooka, tikuwokera mpunga, misundu yatitha miyendo.

Kalata yako ndawerenga, kenako ndavala magalasi n'kuwerenganso poganiza kuti maso andinamiza. Ndiye kuti unakwera ndege n'kuwoloka nyanja kukaphunzira chuku? Chomwe chija mlamu wako amapala pakamwa pa mtsuko wa achali n'kutaya? Ine ndimauza anthu kuti chitsirizira wathu ndi wasayansi. Harka wa kumtunda uja akafunsa kuti sayansi yanji, ndimayamba kukamba za mtengo wa tiyi.

Komabe phukusi ndatumiza. Koma za zowolazo iwalako. Ine sindikometsa mawu, umandidziwa. Sindingatumize kudziko la eni nsungwi yonunkha mikodzo ya njati, aphunzitsi ako azikati kwathu kwa a Khatiwada anthu amagona ndi uve. Ndatsikira kumunsi kwa munda, ndadula nsungwi yoposa zonse, yokhwima, yowongoka, mtundu womwewo umene bambo anamangira kholalo. Menuka waipala, waitsuka, waidzoza mafuta a mpiru kuti tizilombo tisaiboole panjira. Chuku chakocho ngati chimakonda nsungwi, apa chipeza chakudya chaulemu. Amayi aikamo tiyi.

Za kusagwetsa khola, usandiseketse. Malata ndagula kale, ali pakhonde. Chaka chino njati yanga siiswera m'matope. Mvula ikangodula, chikondwerero cha Dashain chisanafike, ndiitana parma, ntchito yathu yothandizana ija. Ndakwera madenga a mudzi wonse, ndapalira m'minda ya aliyense osalandira kanthu, tsopano ndi nthawi yoti nawonso abwere adzandibwezere manja.

Uzidya. Pa chithunzi chija khosi lako langotsala ngati la nkhuku yonyowa.

Dai wako,
Tikaram


Hong Kong, 16 Julayi 1999

Dai,

Moni kwa nonse. Tiyi wafika, muwauze Amayi kuti ndikumwa tsiku lililonse. Mpunga mwamaliza kuwokera?

Nsungwi yafikanso. Ndi yokongola zedi. Aphunzitsi anga aiika patebulo pawo, akusungiramo zolembera. Chipinda chonse chikununkhira mafuta a mpiru, mpaka anzanga akufunsa ngati ndayamba kukazingira muno.

Dai, kodi ndinalemba m'chilankhulo chanji? Ndinati phaso la pakhola. Ndinati musatsuke. Chuku ichi sichibwera chifukwa nsungwi ndi yaulemu. Chimamera pa nsungwi yakufa, imene yakhala ikunyowa ndi kuuma, kunyowa ndi kuuma, kwa zaka, pamthunzi, mu mpweya wa khola. Chimene chimakonda pamenepo ndi chomwe ine ndikufuna kudziwa. Ndipo kuno palibe amene angakunyozeni. Mnzanga wa tebulo loyandikana amaphunzira chuku cha pa ndowe za njovu, maphukusi ake akafika amasangalala ngati alandira maswiti.

Ndikupemphanso. Phaso lowola, la pamwamba pa chodyeramo, pamene pali timadontho takuda. Osatsuka, osapala, osadzoza. M'nyuzipepala. Mlamu asaliyandikire ndi madzi.

Ndipo malatawo angadikire pang'ono. Sakuthawa.

Yamuna


Dhapgaun, 10 Ogasiti 1999

Kanchhi,

Moni. Sitinafe. Mpunga tamaliza, chimanga apusi akukolola m'malo mwathu.

Kalata yako yachipongwe ndaiona. Aphunzitsi akowo uwauze kuti nsungwi ya zolemberayo ndi ya kwa Khatiwada, asayerekeze kuitaya.

Chabwino. Ndakwera. Pamvula, pa makwerero oterera, njati ikundinyambita zidendene. Ndadula phaso lenilenilo, lowola mpaka chala kulowa. Timadontho tako ndationa, tangofanana ndi manyi a ntchentche. Menuka anabwera ndi madzi m'beseni, ndinamuthamangitsa. Waona kuti ndimamva?

Ndinaika chidutswacho pakhonde kuti m'mawa mwake nditsike nacho ku positi. Koma msewu unagumuka, galimoto sizinayende masiku angapo. Amayi anachiona.

"Chonyowa ichi chipite kwa mwana wanga? Chikafika chitavunda!"

Ndinati, "Amayi, chavunda kale, ndicho akufuna."

"Iwe umadziwa chiyani za kusunga zinthu? Unasungapo chiyani iwe?"

Anachitenga n'kuchiika pa tsanja pamwamba pa moto, pomwe timaumika mbewu ya chimanga. Nditaganiza bwino ndinaona kuti akunena zoona. Chilichonse cha pa ulendo wautali chimayamba chakhala pautsi, zimenezi ngakhale mwana amadziwa. Iwe unati osatsuka, osapala, osadzoza. Kuumitsa sunatchule. Tsopano chauma gwa, chada bii, chingathe kukhala mpaka udzakalambe osasintha. Ndakulunga m'nyuzipepala monga unalamulira.

Tsiku la parma lapezeka. Wansembe wathu wawerenga nyenyezi, wati tsiku labwino lokweza denga ndi 6 Okutobala, likaphonyeka limenelo lina kulibe mpaka Febuluwale. Ndayenda makomo onse, onse avomera. Nsungwi zakalezo tidzaphikira phala la njati.

Ndiye nkhani ya chuku yatha. Wapeza zako, ndisiye ndimange khola langa. Kalata yotsatira ulembe za anthu.

Tikaram


Hong Kong, 31 Ogasiti 1999

Dai,

Moni. Mwachipha.

Ndatsegula phukusi, m'maso mwanga mwalowa utsi wa kwathu, ndinatsala pang'ono kulira, koma osati chifukwa chopukwa. Ndadula timadontho tonse limodzi limodzi. Timbewu tafota, tapsa, taphimbika ndi mwaye. Ndaika m'mbale, sichinamere chilichonse. Mwanditumizira makala.

Ndi chamoyo, Dai! Chamoyo! Mukafuna kutumiza mwanapiye kwa munthu mumayamba mwamuumika pa tsanja? Ndinayenera kulembanso kuti musachiwotche, musachithire mchere, musachipereke kwa mbuzi? Anthu atatu akuluakulu pakhomo, kulephera kukulunga kamtengo m'pepala! Mukanapitirira kalasi yachisanu mwina bwenzi mukutha kutsata mizere itatu ya malangizo.

Kwatsala miyezi yowerengeka. Chuku chimenechi sichidziwika kwina kulikonse padziko kupatula kudenga la khola lanulo, ndipo inu mukuti mudzaphikira phala la njati. Muwauze wansembewo ayang'anenso nyenyezi zawo. Dulani china, chinyowe momwemo, Amayi asachione, mutumize pa positi yachangu.

Yamuna


Hong Kong, 22 Sepitembala 1999

Dai,

Moni kwa Amayi ndi kwa mlamu. Kodi kuli bwino? Msewu wagumukanso? Tsiku lililonse ndimapita pa bokosi la makalata, mlonda wa pakhomo wafika pondipukusira mutu ndisanafunse.

Ngati ndi mawu aja, ndinalemba ndili ndi mkwiyo. Mundikalipire, bola mulembe.

Khola mugwetse ngati mukufuna, ndi lanu. Ndikungopempha phaso limodzi lokha lisapite pamoto.

Yamuna


Dhapgaun, 9 Okutobala 1999

Nani Yamuna, mlamu wanga wamng'ono,

Ndine mlamu wako Menuka. Upirire ndi zolemba zanga, dzanja silinazolowere. Amayi ali bwino, akupereka dalitso. Akufunsa ngati kumeneko udzapeza wamkulu wokupaka tika ya dalitso pamphumi pa Dashain.

A Dai ako sakulemba, ndiye ndati ndilembe ine, ungamaganize kuti kuno kwagwa maliro.

Kalata yako ya kalasi yachisanu ija anaiwerenga ataimirira pabwalo. Anaipinda bwinobwino n'kupita kukamweta udzu wa njati, anabwerera kutada. Ine ndikuuze, Nani, pamenepo unalakwa. Chimene anasiyira sukulu bambo atamwalira ukuchidziwa, ndipo amene anapitiriza sukulu ukumudziwanso. Kalata yotsatira sanatsegule n'komwe. Ndikatchula za phaso ankangoti, "Lipsa loyamba."

Tsiku la parma linafika. Wansembe anabwera m'mawa, anawaza mpunga ndi maluwa pa malata. Amuna a makomo onse anabwera ndi zikwanje ndi zingwe. Ine ndi akazi anzanga tinaphika mpunga mphika waukulu uja, mphodza, ndi ndiwo za mbuzi. Anakwera, anasasula udzu wa mbali ya kumtunda, nyimbo zili pakamwa.

Atafika mbali yodontha, Harka anasolola phaso lako lija. Analinunkhiza, n'kukwinya mphuno, n'kufuula ali pamwamba pomwepo.

"Ee, Tikaram! Ili tiwotche, kapena titumize kwa dokotala wanu wa zowola uja?"

Anthu anaseka. A Dai ako anali pansi akulandira udzu.

Wina anati, "Sukulu zonsezo za chiyani, akanangobwera kukhitchini kwa mkazi wanga, chuku chake n'chodzaza dengu!"

Harka anawonjeza, "Nanga mwamuna adzamupeza kuti ameneyo? Basi adzakwatiwa ndi bowa. Ukwati wake tidzavina pa dzala!"

Nani, ndinaona khosi la a Dai ako likufiira kuyambira pansi. Ndinangoika chikombe pansi.

"Tsika," anatero.

"Ukuti chiyani?"

"Ndati tsika. Ndipo phasolo uligwire ngati khanda. Likathyoka, nawe uthyoka."

"Aa, mkulu, ndi nthabwala chabe izi."

"Nthabwala ukachite ndi alongo ako. Uyo ndi wanga, ndimamutukwana ndine, wina ayi. Chimene wagwiracho dziko lonse palibe anachionapo. Iwe wadutsa pakhola pano kuyambira uli wosavala, unaonapo chiyani? Umangoona mphika wa mpunga!"

Harka anatsika. Anaika phaso pansi, anatenga chikwanje chake n'kunena kuti iye sanabwere kudzatukwanidwa pa parma. Abale ake anamutsata. Ena anayesa kupepesa mbali zonse, koma a Dai ako anali atayaka kale, anauza aliyense amene anaseka kuti atsike. Ndipo amene sanaseke analipo? Onse anatsika. Anapita osadya, Nani. Mpunga wonse uja unatsala mumphika. Iwe ukudziwa tanthauzo la anthu kuchoka pa parma osasamba m'manja. Wansembe anati tsiku lawonongeka, nawonso ananyamuka. Amayi anakhala pakhonde n'kumawerengera makolo onse a Khatiwada amene anali ndi mtima wapachala, kuyambira agogo a agogo.

Pabwalo patatsala ife tokha, a Dai ako anatenga sowo. Anandiuza kuti nditulutse makalata ako onse, ndi yosatsegula yomwe, ndiziwerenga mokweza malangizo, iwo akudula. Ndikati, "Osatsuka," ankati, "Ndamva, pitiriza." Ndikati, "Amayi asachione," anatembenuka n'kuti, "Amayi, tsinzinani." Anakulunga chili chinyontho, anachiika m'malaya pachifuwa, n'kutsika wapansi mpaka ku tauni ya Ilam osamwa ndi tiyi yemwe. Anatumiza pa positi yachangu. Kalata sanaikemo.

Pano khola lili ndi denga mbali imodzi, malata akadali pakhonde. Dashain tidya ndi manyazi amenewa. Njati taimangirira pakhonde la kuseri, pansi pa zenera la Amayi.

Chikamera utiuze. Chikapanda kumera, uyambe wandiuza ine.

Mlamu wako,
Menuka


Hong Kong, 12 Novembala 1999

Okondedwa Dai,

Ndagwada kwa Amayi, kwa inu, ndi kwa mlamu amene ndidzamuthokoza mpaka kalekale. Njati yaswa?

Chamera, Dai. Phukusi linafika lonunkha bwino lomwe, fungo la khola lathu lenileni. Timbewu tinali tokhwima, tambiri. Ndinasankha kamodzi ndi nsonga ya singano n'kukaika m'mbale, ndipo kanatulutsa kaulusi. Lero mbale yadzaza ndi ubweya wotuwa, pansi pake pakuda. Aphunzitsi anga ayang'ana pa makina nthawi yaitali, kenako andigwira chanza. Tajambula, tayeza, chidutswa chanu chasungidwa m'kabati ya zitsanzo, pa chikalata chake palembedwa dzina la wotola, T. Khatiwada. Malo anga awonjezera chaka china.

Mawu aja ndinalakwa. Ndilibe chodzikanira. Ndikudziwa amene anandisenza pamsana kuwoloka mtsinje popita kusukulu imene iye anaisiya.

Tsopano pakufunika dzina. Lamulo lake limalola kutchula chuku dzina la munthu, ndipo ine ndikufuna chitchedwe dzina lanu. Lidzakhala m'mabuku ife tonse titapita.

Pali kanthu kena, musakwiye. Chuku chamtunduwu chimakhala ndi maonekedwe awiri, ndipo ife taona amodzi okha. Enawo mwina amatuluka mvula ikamayamba. Tikawapeza, tidzadziwa bwino banja limene chukuchi chikuchokera. Ndiye mapaso otsalawo musawotche. Akhale pamthunzi, azikhala onyowa mpaka Juni, ndidzabwera ndekha kudzawaona.

Ndine wanu,
Yamuna


Dhapgaun, 4 Disembala 1999

Kanchhi,

Moni. Njati yaswa, mwana wamkazi, pakhonde la kuseri, Amayi akuyang'anira pazenera n'kumailangiza kaberekedwe. Mkaka ulipo wambiri. Mbali yotsala ya khola inagwa yokha ndi mphepo, ndiye za kugwetsa palibenso wovutika nazo.

Ndamva kuti chamera. Chabwino. Chikanapanda kumera ndikanabwera konko kudzachifunsa.

Za kalasi yachisanu, unanena zoona, n'chifukwa chake zinapweteka. Usazitchulenso, ndipo za kukusenza pamsanazo usiye, unali wolemera ngati thumba la mchere ndipo unkandikoka makutu.

Za dzina, imva bwino, ndilemba kamodzi. Ukayerekeza kuika dzina langa pa chuku, usadzaponde pakhomo pano. Anthu ena amatchulidwa misewu ndi milatho, ine ndidzatchulidwe chowola cha pamwamba pa ndowe? Adzukulu anga azidzati agogo ndi aja amamera pa nsungwi? Chipatse dzina la mudzi. Chikhale cha Dhapgaun yense, Harka nayenso chikhale chake, afune asafune. Bukulo likadzatuluka unditumizire, ndikamuwerengere pakhomo pake mokweza.

Kunena za Harka, ndinapita. Amayi sanandipatse mtendere, ndiye ndinanyamula mkaka woyamba ndi kukamupatsa. Ndinamuuza kuti ndinalakwa kumuthamangitsa asanadye, ndinayenera kudikira adye kaye. Wati pa Febuluwale adzaona. Ena akuti abwera, ena akadali otupa. Malata ayamba dzimbiri m'mbali. Zonsezi chifukwa cha manyi a ntchentche.

Ndiye utatha kundiwonongera parma, Dashain ndi khola, ukuti ndikusungirenso zowola mpaka Juni. Ndinawerenga pamenepo n'kuponya kalata pansi. Menuka anaitola.

Mapaso ako ali kumunsi kwa nyumba, pamthunzi wa mitengo, pafupi ndi kasupe. Ndawayala pa miyala kuti chiswe chisawapeze, ndafunditsa udzu wakale wa pakhola pomwepo, ndathirako ndi ndowe pang'ono pambali kuti asasowe fungo la kwawo. Ndamanga mpanda. Mpandawo si wa mbuzi ayi, ndi wa Amayi, ndinawagwira atanyamula limodzi akupita nalo kukhitchini. Kuno kwauma tsopano, ndiye ndimatunga madzi n'kumathirira. Munthu wamkulu, wa ndevu zaimvi, kuthirira nkhuni! Ana a sukulu amaima pamsewu kundionerera. Dzulo mkazi wa Harka wandifunsa kuti zibereka liti.

Koma iwe wa masukulu onsewo, kalata yako ndi yoperewera ngati zoyamba zija. Wangoti azikhala onyowa. Onyowa bwanji? Ochita kudontha, kapena achinyontho chabe ngati nsalu yofinya? Madzi a pakasupe ndi ozizira kwambiri mwezi uno, sachipha? Ndipo ndizithirira m'mawa kapena madzulo? Usadzabwere mu Juni n'kumati ndachiphanso.

Yankha msanga, ndipo ulendo uno ulembe zomveka.

Dai wako,
Tikaram